Zitseko zam'kati mwa nyumba yakale: tigule zam'hadiweya kapena tipangitse kwa kalipentala?

Mayi_wa_ku_Chilinde

Moni nonse. Tikukonza nyumba yakale ya makolo kuno ku Chilinde mu Lilongwe, ndipo tafika pa zitseko zam'kati. Zonse pamodzi zilipo 7: za zipinda zogona zitatu, kubafa, kuchimbudzi, kukhitchini ndi kusitoo. Zakalezo ndi za pulayiwudi. Zina zinafufuma kunsi n'kuyamba kusendeka, china chinabooka pakati, ndipo cha kubafa sichitsekekanso pokhapokha uchikankhe ndi phewa. Mafelemu ndi achitsulo, anamangidwira m'khoma pomwe nyumbayo inkamangidwa. Pansi padakali simenti, koma mwezi wamawa tiika matayilosi nyumba yonse.

Ndazungulira mahadiweya a ku Area 2, ndafikanso kwa akalipentala ku Mchesi, koma aliyense akuchemerera chake. Wina akuti flush door ndi yokwanira, wina akuti semi-solid, wina akuti mlombwa basi, winanso akundionetsa seti yochokera kunja yobwera ndi felemu yakeyake. Mitengo yake ikusiyana kutalitali, ndipo sindikudziwa chimene ndikulipira kwenikweni.

Ndiye odziwa ndithandizeni. Mafelemu akalewa ndiwasiye kapena ndiwachotse? Chitseko chiti chikuyenera chipinda chiti? Pogula ndiziyang'ana chiyani kuti asandigulitse chopotoka? Nanga tiyambe ndi zitseko kapena matayilosi?

Mpalamatabwa_Mchesi

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanagule. Ambiri amafunsa zitseko zili kale pakhonde.

Yambani ndi mafelemuwo, chifukwa ndi amene alamule zonse: kukula kwa chitseko, kuchindikala kwake, kulemera kumene mahinjesi angapirire, ngakhalenso pamene loko akhale. Tengani tepi. Pakhomo lililonse yezani m'lifupi malo atatu, kumtunda, pakati ndi kunsi, ndipo muziyeza m'kati mwa mphako ija chitseko chimalowamo chikatsekeka, osati pankhope ya felemu. Kutalika yezani mbali zonse ziwiri. Mukatero yezani mopingasa, kuchokera pakona yakumtunda kumanzere kufika pakona yakunsi kumanja, kenako mbali inayo. Manambala awiriwo akasiyana ndi 5 mm kapena kuposa, felemuyo inapendama, ndipo chitseko chake chidzafunika kupalidwa motsatira kupendamako. Khomo lililonse lilembedwe palokha. Musaganize kuti poti nyumba ndi imodzi ndiye makomo ndi ofanana, a kubafa ndi kuchimbudzi kawirikawiri amakhala ocheperapo.

Zitseko zambiri zam'mahadiweya athu zimatsata muyezo wa ku South Africa: 813 mm m'lifupi, 2032 mm kutalika, 40 mm kuchindikala. Akalipentala timangoti 2 fiti 8 ndi 6 fiti 8. Ziliponso za 762 mm. Yezaninso kuzama kwa mphako ya felemu ija. Chitseko cha 44 mm mukachiika m'mphako ya 40 mm chimatuluka kunja, ndipo lilime la loko silikumana ndi bowo lake.

Matayilosi ayambe, zitseko pambuyo. Tayilosi pamodzi ndi guluu wake imakweza pansi ndi 12 mm mpaka 15 mm, pansi pakakhala posalingana mwinanso kuposa apo. Felemu yachitsulo siyikwera nawo, ndiye khomo limafupika. Chitseko chimafuna mpata wa 3 mm m'mbali ndi kumtunda, ndi wa 8 mpaka 10 mm kunsi. Mukawonkhetsa mupeza kuti chitseko cha 2032 mm chidzadulidwa chigawo chachikulu ndithu, ndipo apa m'pamene mtundu wa chitseko umayamba kukhala nkhani.

Flush door yotsika mtengo ija, amati hollow core, ndi zikopa ziwiri za hardboard (bolodi la utuchi wopanikizidwa) kapena pulayiwudi za 3 mm, m'kati muli makatoni olukidwa ngati zisa za njuchi. Thabwa lenileni limangozungulira m'mphepete, ndipo nthawi zambiri silipitirira 30 mm m'lifupi. Mukadula 25 mm kunsi, mwatsala ndi kachidutswa kosagwira kanthu, mwinanso mwatsegula katoni. Madzi okolopera akalowa pamenepo chitseko chatha mvula isanathe. Njira ilipo: kalipentala adule, achotse thabwa lija m'chidutswa chadulidwacho, alipale zikopa, alibwezere m'kati ndi guluu wamatabwa, amange ndi makalampu chigone usiku wonse. Ntchitoyi ambiri amaizemba chifukwa siioneka chitseko chikapachikidwa, ndiye muziimapo. M'mbali musalole kuchotsa kuposa 5 mm mbali iliyonse, ndipo azipala mbali zonse ziwiri mofanana.

Chinanso pa hollow core: loko amalowa m'kathabwa kapadera kamene anakaika mbali imodzi yokha. Opanga ena amalemba LOCK pamphepete yakumtunda kusonyeza mbaliyo. Ngati palibe cholembedwa, gogodani ndi chala pakati pa chitseko chakumphepete, mbali yomveka yolimba ndi ya loko. Kalipentala wopupuluma akaika mahinjesi mbali imeneyo, loko amakakhala m'katoni ndipo handulo imagwedera sabata yomweyo.

Semi-solid ili ndi timatabwa kapena chipboard (tizidutswa ta matabwa tomatidwa ndi guluu) m'kati koma osadzaza, pomwe solid core ndi yodzaza yonse. Kusiyanitsa kwake n'kunyamula. Hollow core munthu mmodzi amainyamula mosavuta, siifika 15 kg kawirikawiri. Solid core imafika 30 kg kapena kuposa. Wogulitsa akati semi-solid koma mukuinyamula ndi dzanja limodzi, mwadziwa kale.

Maganizo anga ndi awa. Kusitoo ikani hollow core, sikufuna zambiri. Zipinda zogona ikani semi-solid kapena solid, chifukwa hollow core siitchinga phokoso ndipo mwana akaimenya ndi njinga imabooka. Kukhitchini solid. Kubafa ndi kuchimbudzi ndi nkhani ina, tidikire manambala anu ndi mmene mafelemu ake alili.

Mahinjesi musawaiwale. Mafelemu achitsulo amabwera ndi mahinjesi awiri a 100 mm owotchereredwa kale. Awiri amakwanira chitseko chopepuka. Cholemera chimafuna atatu, apo ayi chimagwa mphuno n'kuyamba kukhula tayilosi kumbali ya loko. Musanachotse zitseko zakalezo, tsegulani chilichonse theka, gwirani pa handulo n'kukweza m'mwamba. Chikamagwedera pa hinjesi ndiye kuti mapini anadyeka. Itanani wowotcherera asinthe mahinjesi ndi kuwonjezera yachitatu matayilosi asanaikidwe, chifukwa mphaliwali za moto wake zimasiya madontho osachoka pa tayilosi.

ZaHadiweya

Akulu a ku Mchesi afotokoza bwino za kuyeza. Ine ndilankhule za pogula penipeni.

Musalole kuti mnyamata akangotulutsa zitseko zisanu ndi ziwiri mu sitoo ya shopu n'kukweza m'galimoto. Chilichonse chionedwe pachokha. Chiimikeni, ikani diso pakona n'kuyang'ana motsata mphepete kuchokera kumtunda kufika kunsi, kukhota kumaoneka. Kupotoka ndiye kovuta kuona ndi maso. Tengani ulusi, kokani uwiri mopingasa pankhope ya chitseko kuchokera pakona kufika pakona. Ngati ulusiwo ukukhudzana pakati, chili bwino. Wina ukadutsa pamwamba pa unzake ndi mpata wa 4 mm kapena kuposa, chisiyeni. Chitseko chopotoka sichiwongoka. Chimagunda felemu kumtunda, kunsi kukadali mpata, ndipo loko amatsekeka mokakamiza mpaka kuthyoka. Zimene zinatsamiritsidwa kukhoma nthawi yaitali ndi zimene zimakhota, sankhani za pamulu wogoneka. Yang'ananinso makona ngati chikopa chayamba kumatuka, ndi mphepete yakunsi ngati ili ndi zipsera za madzi.

Mtundu wa chikopa usankhidwe motsatira zimene mudzapake. Mukafuna penti, hardboard ndi yokwanira, palibe chifukwa cholipirira veneer, kachikopa ka thabwa lenileni komatidwa pamwamba, n'kuikwirira. Mukafuna vanishi, tengani za veneer, koma zigulidwe tsiku limodzi pa mulu umodzi kuti maonekedwe afanane. Veneer ndi yopyapyala kwambiri, siifika 1 mm, sandipepa wokhakhala amaiboola.

Pa maloko. Felemu yachitsulo ili ndi bowo lake kale lolandira lilime la loko, ndiye loko ayenera kutsata bowolo, osati kalipentala kungoyeza mita imodzi kuchokera pansi monga anazolowera. Chitseko chipachikidwe kaye, chitsekedwe, bowo lichongedwe pa chitseko, kenako asemere loko. Pitani kuhadiweya ndi loko mmodzi wakale kuti muyerekeze kutalikirana kwa lilime ndi bawuti. Maloko olowa m'chitseko amakhala a 64 mm kapena 76 mm kuzama. Wa 76 mm amatalikitsa handulo ndi felemu, zala sizikhulika potseka, koma pa hollow core onetsetsani kuti kathabwa ka loko kakukwana.

Zipinda zogona loko wa 2-lever kapena 3-lever, kutanthauza wa tizitsulo tiwiri kapena titatu tam'kati timene kiyi amakweza, ndi wokwanira. Dziwani kuti 2-lever ali ndi mitundu yochepa ya makiyi, ndiye werengani manambala a pa makiyi musanalipire, mungapezeke kiyi mmodzi akutsegula zipinda ziwiri. Kubafa ndi kuchimbudzi musaikeko loko wa kiyi. Tengani wopotokola m'kati amene kunja amatsegulika ndi ndalama yachitsulo kapena sikuludiraiva. Mwana akadzitsekera kapena wamkulu akagwa m'bafa simudzafunika kuswa chitseko. Mayina odziwika ngati Union ndi Yale ali ndi zofanizira zambiri pamsika. Zofanizirazo zimapepuka m'manja, zilembo zake sizizama, ndipo handulo mukaitsitsa siibwerera ndi mphamvu. Lilime la maloko ambiri limatembenuzika, choncho zoti chitseko chimatsegukira kumanja kapena kumanzere zisakuvuteni, koma funsani akuonetseni pomwepo.

Masikuluu obwera m'paketi ya mahinjesi amafupika. Gulani a 32 mm kapena 38 mm. Hinjesi ya 100 mm imadya anayi mbali ya chitseko, ndiye bokosi la 100 likukwanirani zitseko zonse. Aboole kaye kabowo kakang'ono asanamange, ndipo mukaona akukhoma sikuluu ndi hamala muimitseni, imeneyo imazuka pakangopita miyezi. Onjezani door stop pakhomo lililonse. Ndi kanthu kotsika mtengo, koma popanda iko handulo imaswa pulasitala.

Ponyamula zigone chogona, makatoni pakati, chingwe chisadye m'makona. Kunyumba zigonekeni pa timatabwa titatu tolingana, m'chipinda chouma, kutali ndi dzuwa ndi pulasitala wosauma. Zikhale pamenepo sabata imodzi zisanapalidwe. Ndipo gwirizanani ndi shopu, zilembedwe pa lisiti, kuti chosadulidwa ndi chosapakidwa mutha kubweza.

Mayi_wa_ku_Chilinde

Zikomo kwambiri abambo nonse. Ndayeza. Zipinda zogona ndi kusitoo ndi 815 m'lifupi, 2030 kutalika kuchokera pa simenti, mphako 42. Kubafa ndi kuchimbudzi 765 m'lifupi. Kukhitchini m'lifupi ndi 815 yomweyo, koma mopingasa manambala akusiyana ndi 9 mm. Felemu ya kubafa yadyeka ndi dzimbiri kunsi mbali zonse ziwiri, kutalika ngati chikhatho, ndikakankha ndi sikuludiraiva ikulowa. Ya kuchimbudzi ili ndi dzimbiri koma ndi yolimba. Bambo akunyumba akuumirira mlombwa ku zipinda zogona. Kodi n'zoyenera, kapena n'kungotaya ndalama?

Folomani_Limbe

Mayi, felemu ya kubafa ichoke. Ena adzakuuzani kuti wowotcherera adule gawo lodyekalo n'kulumikiza chitsulo china. Zimatheka dzimbiri likakhala la pamwamba, koma ngati sikuludiraiva ikulowa ndiye kuti ladya kuchokera kumbuyo, kumene kuli chinyezi cha khoma. Pamene mukuona chikhatho chimodzi, m'katimo lakwera kuposa apo, ndipo chitsulo chopyapyala chodyeka chimangobooka akachiwotcherera. Poti matayilosi simunaike, ino ndi nthawi yotsika mtengo kwambiri yoswa.

Kachitidwe kake n'kotere. Asemere pulasitala kuzungulira felemu, adule tizitsulo togwira khoma, kawirikawiri timakhala titatu mbali iliyonse, n'kukumba miyendo yomwe inalowa mu simenti. Aone kaye ngati pamwamba pa khomo pali lintala, mtanda wonyamula njerwa za pamwambapo. Nyumba zina zakale njerwa zinangogonekedwa pa felemu, ndipo mukaizula osachirikiza zimatsika. Felemu yatsopano igulidwe yolingana ndi khoma, ya 115 mm kapena ya 230 mm, ndi yotsegukira mbali yoyenera, chifukwa mahinjesi ake ndi owotchereredwa. Funsani kuchindikala kwa chitsulo. Za 0.8 mm ndi zopyapyala, tengani ya 1.2 mm. Isanaimikidwe ipakidwe red oxide, penti woteteza ku dzimbiri, kumbuyo ndi kumiyendo kawiri. Poimika ayeze ndi levulo mbali zonse, ayezenso mopingasa, aike thabwa lopingasa pakati ndi kunsi kuti miyendo isapanikizane, ndipo kutalika awerengere kuchokera pamwamba pa tayilosi yodzaikidwayo. Kumbuyo kwa felemu kudzazidwe ndi matope a simenti, muyezo umodzi wa simenti pa miyezo inayi ya mchenga, pang'onopang'ono uku akugogoda. Felemu yosadzazidwa imalira ukagogoda, imatekeseka chitseko chikamenyetseka, ndipo pulasitala amang'aluka m'mbali mwake. Musapachike chitseko pasanathe sabata.

Ya kuchimbudzi ikwecheni ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chiwale, pakani red oxide, ikhala.

Chitseko cha kubafa chisakhale cha MDF (bolodi la utuchi wosalala womatidwa ndi guluu) kapena chipboard ngakhale wogulitsa alumbire. Zimenezi zikamwa madzi zimafufuma ndipo sizibwereranso. Hollow core ndi chimodzimodzi. Sankhani pakati pa thabwa lenileni lopakidwa bwino, PVC (pulasitiki) kapena aluminiyamu. PVC siiopa madzi kapena chiswe, koma yotsika mtengo imakhala yopanda kanthu m'kati, masikuluu sagwira, ndipo siipalika ngati thabwa, ndiye manambala akhale enieni pogula. Aluminiyamu amaipanga motsatira muyezo wanu ndi felemu yake. Mukasankha imeneyi, felemu yachitsulo yatsopano simuifunanso, angokonza khomo ndi pulasitala likhale lolunjika. Chilichonse chimene mungasankhe, kunsi siyani 15 mpaka 20 mm kuti mpweya uzilowa ndi madzi asakhudze. Uzani woika matayilosi kuti pansi pa bafa patsike ndi 10 mm kuyerekeza ndi pakolido ndipo papendekere ku dreni. Chimene chinapha felemu yakaleyo ndi madzi oima pakhomo, mukapanda kukonza pamenepo yatsopano idzatsata njira yomweyo.

Za maseti ochokera kunja aja: amaoneka bwino, koma ndi a nyumba imene makomo ake anasiyidwa opanda felemu. Kwa inu zikutanthauza kuzula mafelemu asanu ndi awiri, kukonza pulasitala, kupentanso makoma, ndipo miyezo yake nthawi zambiri siigwirizana ndi 813 wathuyu. Ambiri m'kati ndi MDF yokutidwa ndi pulasitiki, felemu yakenso ya MDF yofika pansi pamene mumakolopa tsiku ndi tsiku. Mafelemu anu asanu ndi limodzi ndi abwino, asiyeni.

Ngati m'nyumbamo mukhala okalamba oyenda ndi njinga ya olumala kapena ndodo ziwiri, poti mukuswa kale kubafa, kulitsani khomolo. La 765 limasiya mpata wopita munthu wongopitirira pang'ono 700 mm chitseko chikatseguka. Kufika pa 813 kapena 900 kumafuna lintala yotalikirapo basi.

Mpalamatabwa_Mchesi

Pa felemu ya kubafa afolomani anena zoona, sikuludiraiva ikalowa palibenso zokambirana.

Tiwerengere manambala anu, mayi. Kutalika 2030, chotsani 14 ya tayilosi, 3 ya kumtunda ndi 10 ya kunsi, mutsala ndi 2003. Chitseko cha 2032 chidulidwa 29 mm. Pa hollow core ya kusitoo thabwa la kunsi lija libwezeredwe monga ndinanenera, ndipo pa semi-solid funsani kukula kwa thabwa la m'mphepete musanagule. M'lifupi 815 kuchotsa 6 ndi 809, kutanthauza kupala 2 mm mbali iliyonse. Mphepete ya kumbali ya loko aipale mopendeka pang'ono chakum'kati kuti isagunde felemu potseka. Koma manambala omaliza muwatengenso matayilosi akatha.

Kukhitchini 9 mm imeneyo siyofunika kuzulira felemu ngati miyendo yake ili chilili. Chitseko chikhale cha solid kapena cha matabwa, aimike pakhomo, achonge motsatira felemu, apale. Ikani levulo pa mwendo wa mahinjesi. Ukakhala wopendama, chitseko chimadzitsegukira kapena kudzitsekera chokha, ndipo mankhwala ake ndi wowotcherera kusuntha hinjesi imodzi.

Bambowo sakulakwa pa mlombwa. Ndi thabwa losasunthasuntha nyengo ikasintha, mtima wake chiswe sichiufuna, ndipo chitseko chopangidwa bwino chimakhalitsa kuposa denga. Vuto ndi zimene zimagulitsidwa m'dzina la mlombwa. Mbali yoyera ya kunja kwa mtengo imafumbwa, ndipo ena amaipaka stain kuti ifanane ndi mtima wofiirirawo. Enanso amasakaniza, mlombwa pa matabwa a m'mbali mwa chitseko, malaina kapena paini pa mapanelo. Choncho chitseko muchione chisanapakidwe chilichonse. Akakana, yang'anani mphepete yakumtunda ndi yakunsi kumene sapakako, kapena palani pang'ono ndi mpeni. Mbawa ndi yabwinonso m'kati mwa nyumba. Bulugama ndi wolimba koma amapotoka ndi kung'aluka akauma. Paini wa ku Chikangawa wouma bwino amakwanira pa chitseko chopenta, bola mfundo zikuluzikulu zisakhale pamene padzakhale mahinjesi kapena loko, ndipo apakidwe mankhwala a chiswe. Mkungudza wa ku Mulanje wina akakuuzani kuti ali nawo, musaugule, ndi mtengo wotetezedwa. Matabwa a mitengo yachilengedwe amafuna mapepala a dipatimenti ya zankhalango, ndipo lamulo analikhwimitsa mu 2020. Mukamagula matabwa nokha kutali, opanda mapepala amalandidwa pa rodibuloko.

Kuuma kwa thabwa ndiye nkhani yaikulu kuposa mtundu wake. Thabwa la 50 mm lochekedwa mwezi watha silingapange chitseko, limafuna chaka kapena kuposa lili pamthunzi, losanjikidwa ndi timitengo pakati. Louma bwino chinyezi chake chimakhala cha pa 12 peresenti. Popanda kachipangizo koyezera, laliwisi limalemera, limazizira m'manja, ndipo zopalidwa zake zimatuluka zonyowa, sizithetheka. Chitseko cha matabwa aawisi chimaoneka bwino tsiku lopereka. Pakatha miyezi itatu molumikizira mumatseguka, mapanelo amang'aluka, kuwala kumaonekera. Njira yodzitetezera: kalipentala adule ziwalo zonse, alumikize osathira guluu, zikhale masabata atatu kapena anayi. Chofuna kupotoka chipotoke chisanamatidwe, asinthe.

Lembani naye izi papepala. Kuchindikala 40 mm chikatha kupalidwa, zomwe zimafuna matabwa a 50 mm. Ambiri amagula a 38 mm n'kukupatsani chitseko cha 32 mm chimene chimagwedera m'mphako ya 42, ndipo loko akasemeredwa m'mbali mumatsala kachikopa. Matabwa oimirira a m'mbali 110 mpaka 120 mm m'lifupi, la kunsi 200 mm, la pakati 150 mm kapena kuposa. Molumikizira mukhale mortise ndi tenon, mano olowa mozama m'mabowo ndi guluu, osati misomali yobisidwa ndi utuchi. Mapanelo alowe m'mizere yake osamatidwa kapena kukhomedwa, kuti azifufuma ndi kubwerera momasuka. Loko asasemeredwe polumikizira thabwa la pakati, amadula dzino n'kufooketsa chitseko, ndiye muuzeni kutalika kwa bowo la pa felemu asanayambe. Poti mukupangitsa, apange cha 2005 mm kutalika, chongotsala kupala pang'ono kufika pa 2003 uja, asapange cha 2032 n'kudzadula.

Nyengo muiwerengerenso. Chopachikidwa mothina mu October chidzakakamira mu January. Chikakakamira nthawi ya mvula musathamangire kupala kwambiri, chilimwe chikabwera mudzatsala ndi mpata wolowa chala.

Pangitsani chimodzi kaye. Mukakhutira, apange ziwiri zotsalazo. Ndalama yoyamba ikhale ya matabwa okha, yomaliza aipeze zitseko zikapachikidwa ndipo zikutsekeka ndi chala chimodzi. Ndalama zikavuta, mlombwa ku chipinda chachikulu, solid core yopenta ku zinazo. Pakolido maonekedwe adzasiyana, zimenezo mukambirane ndi bambowo.

Wapenti_Zomba

Mawu ochepa pa kupaka, chifukwa zitseko zanu zakale zinafera pamenepa. Chitseko chili ndi mbali zisanu ndi imodzi, koma zopakidwa zimakhala zinayi. Mphepete yakunsi ndi yakumtunda zimasiyidwa, ndipo ndi mmene chinyezi chimalowera. Kalipentala akamaliza kupala ndi kusemera loko, chitseko chitsitsidwe, handulo ndi loko zichotsedwe, chipakidwe chili chogona, mphepete yakunsi katatu. M'bowo la loko ndi pansi pa mahinjesi mupitenso bulashi. Osalola kuti chigone masiku chili chopalidwa chosapakidwa, makamaka nthawi ya mvula.

Cha penti: wood primer kamodzi, undercoat kamodzi, gloss kawiri. Cha vanishi: katatu, koyamba kosungunula ndi turpentine gawo limodzi pa magawo khumi kuti alowe m'thabwa. Sandipepa wa 120 poyamba, wa 220 mopepuka pakati pa kupaka kulikonse, motsata mizere ya thabwa. Nkhope zonse ziwiri zilandire mofanana. Mukapaka katatu mbali yoonekera pakolido, kamodzi mbali yam'kati, chitseko chimakhota.

Chitseko chimodzi ndi pafupifupi masikweya mita 3.5 mukaphatikiza mphepete, ndipo lita imodzi imapaka 10 mpaka 12, kutanthauza zitseko zitatu pa kupaka kumodzi. Zitatu za mlombwa zidya malita atatu a vanishi. Zopenta zitatu, khitchini, sitoo ndi chimbudzi, lita imodzi ya primer, imodzi ya undercoat, awiri a gloss. Mafelemu awerengereni lita imodzi ya red oxide ndi awiri a gloss. Gloss wamafuta amauma pamwamba tsiku limodzi koma amalimba patapita masiku angapo, ndiye chitseko chisatsekedwe zolimba masiku atatu oyamba, penti wa chitseko ndi wa felemu amamatana n'kusendeka.

Woika matayilosi asaike silicone kapena grout ya m'mizere ya matayilosi yokwirira miyendo ya mafelemu red oxide asanaume. Mumuuze wapenti apake miyendoyo sabata ino, matayilosi asanafike.